Kamzere Kakuda ka M'thupi mwa Feliya

Ana anga, mumandiseka kuti chipumireni pantchito ndimangokhala pakhonde kuno ku Nchilamwela n'kumayang'ana anthu odutsa ngati ndikuwaunika. N'zoona ndithu. Munthu amene wathera moyo wake akuyang'ana mkati mwa anzake sasiya msanga. Za ubwana wanga m'malayini a pa esiteti ya tiyi mukuzidziwa kale, sindibwereza. Pano ndikufuna ndikusiyireni nkhani ya makina amene ndinagwira nawo ntchito, komanso ya azakhali anu a Feliya, chifukwa ndi pa iwowo pamene ndinadziwira bwino kusiyana kwa makinawo.

Zaka za m'ma 1980: chipinda chamdima

Ntchito yanga yoyamba inali pachipatala cha boma, ku ekisile. Bwana wanga anali a Msiska, munthu wakumpoto, wamtali, wosaseka chisawawa, amene ankapukuta makina ndi kampango kawo ka m'thumba. Tsiku loyamba anandilowetsa m'chipinda chotsukira mafilimu, momwe mankhwala ake ankatulutsa misozi, nati, "Mphwanga, ima apa, usalankhule, ungoona." Anaviika filimu m'beseni, ndipo pa kuwala kofiira kwa kababu kamodzi nthiti za munthu zinayamba kutulukira pang'onopang'ono. Mwini nthitizo anali panja pabenchi akudya chinangwa, koma mafupa ake anali m'manja mwathu. Mpaka lero sindinazolowere chinthu chimenechi, ndipo anthu amene amati makina ndi makina basi amandikwiyitsa.

Kusowa kwa zinthu kunali chakudya chathu cha tsiku ndi tsiku. Mafilimu akachepa tinkadula imodzi pawiri, dzanja la uyu mbali ino, phazi la uyo mbali inayo. Mankhwala otsukira akafooka tinkawafunditsa m'beseni la madzi otentha kuti atigwirireko sabata ina. Ndikawononga filimu, a Msiska ankandiyang'ana nthawi yaitali kenako n'kunena, "Iwe wa ku tiyi iwe, ukuganiza kuti filimu ikathyoledwa mawa iphukanso?" Ndinkawaopa kwambiri, koma ndi iwo amene anandipanga kukhala munthu pantchito.

Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi matenda a chikhodzodzo. Kwathu kuno tonse tinakula tikusambira m'madamu ndi m'madambo, ndipo kukodza magazi kunali kwa mwana aliyense, moti ena ankati n'chizindikiro cha kukula. Linali likodzo. Munthu akakula nalo limasiya zipsera m'chikhodzodzo, ndipo mwa anthu ena khansa imamera pazipserapo. Kuti tione chotupa tinkabaya munthu mankhwala mumtsempha, n'kudikira kuti adutse mu impso atsikire pansi. Chikhodzodzo chinkaoneka choyera pafilimu, ndipo pamene pali chotupa pankaoneka ngati chigumu chimene wina waluma m'mbali. Ekisile ankathera pomwepo. Ankatiuza kuti chinthu chilipo, koma sankatiuza kuti chalowa mozama bwanji m'khoma la chikhodzodzo, pamene funso lenileni linali limenelo. Dokotala ankakadziwira patebulo atang'amba kale munthu, ndipo nthawi zambiri ankangosokanso osachotsa kanthu.

Zaka za m'ma 2000: kubwerera ku tiyi

Nditazungulira zipatala zingapo, ndinabwerera kwathu kudzagwira pakiliniki ya esiteti ina yaikulu. Woyang'anira anali namwino wamkulu, Sisitala Nyirenda, mayi wamfupi wa mawu aakulu, amene ngakhale mamanijala ankavula chipewa akamalowa muofesi mwake. Kilinikiyo inali italandira makina a sikani, ndipo ananditumiza kukaphunzira kagwiritsidwe kake. Makina amenewa safuna filimu kapena mdima. Umapaka pamimba mafuta oterera, n'kuyendetsapo kachipangizo kokwana m'dzanja, ndipo zamkati zimaoneka pagalasi nthawi yomweyo zikuyenda. Mafutawo akatha, ine ndi Sisitala tinkaphika phala lopyapyala la ufa wa chinangwa n'kuliziziritsa. Linkagwira ntchito bwinobwino, kungoti nyerere zinkatikonda.

Vuto linali lakuti sikani imafuna chikhodzodzo chodzaza, pamene anthu othyola tiyi anazolowera kusamwa madzi m'mawa, chifukwa kapitawo sakondwera ndi munthu wopita kuthengo pafupipafupi. Ndiye ndinkawakhazika pansi pa bulugamu ndi ndowa ya madzi, n'kuwaletsa kupita kuseri. Azibambo akuluakulu ankavinavina pakhomo panga akukuwa, "Adokotala, tiphulikatu kuno!" Ine si dokotala, koma pa esiteti aliyense wovala zoyera ndi dokotala. Tsiku lina ndikuunika mkulu wina ndinaona kadontho ka mkodzo kakutumphuka kuchokera mu impso kulowa m'chikhodzodzo, ngati kakasupe. Ndinaiwala kuti munthuyo akuvutika, ndinangoti kukamwa yasa. Zaka zonse zija ndinkajambula mafupa ouma, ndipo tsopano ndinkaona thupi likugwira ntchito yake mwakachetechete mwini wake osadziwa.

Zaka za m'ma 2010: Feliya

Feliya ndi mlongo wanga wamng'ono. Anayamba kuthyola tiyi ali mtsikana, ndipo msana wake unapindika mofanana ndi dengu limene ankabereka. Mwamuna wake, alamu anga a Jailosi, anachokera ku Thekerani kudzakhala chikamwini kwathu. Ankagwira ntchito yodulira tiyi, munthu wofatsa woti mukhoza kukhala naye tsiku lonse osamva mawu ake. Feliya anakodza magazi miyezi yambiri osandiuza, chifukwa nkhani za kumusi kwa mchombo mkazi sauza mlongo wake. Anauza mayi anu, ndipo mayi anuwo ndi amene anandinong'oneza. Ndinapsa mtima kwambiri, kuti ine ndizipulumutsa anthu a eni pamene wa bere limodzi ndi ine akubisala kuseri kwa nyumba yanga.

Kumuunika kunali nkhani ina. Pa esiteti yonse wodziwa sikani ndinali ine ndekha, koma mwambo wathu sulola mwamuna kuona m'chiuno mwa mlongo wake, nanji kumukhudza. Feliya anakaniratu. "Achimwene, bola ndife," anatero akuyang'ana pansi. Sisitala Nyirenda ndi amene anatithandiza. Anakoka nsalu yotchinga pakati pa chipinda, iye ndi Feliya mbali ina, ine ndi galasi mbali inayo nditafulatira. Kachipangizo kanali m'dzanja la Sisitala, maso anali anga. "Tsitsani pang'ono, Sisitala. Kumanzere. Pendeketsani. Imani pompo." Chikhodzodzo chinaoneka chakuda bii, chodzaza bwino, ndipo pakhoma lake panali kanthu komera ngati bowa. Ndinali nditaona zotere mwa anthu ambiri, koma uyu anali mwana wa amayi anga. Ndinali kuona mkati mwenimweni mwa munthu amene ngakhale mchombo wake sindinauonepo chikulireni.

"Achimwene, mwangoti zii bwanji?" anafunsa kuseri kwa nsalu.

"Ndikuyang'anitsitsa, achemwali," ndinayankha. Koma iye anadziwa kuti pali chimene ndaona.

Sikani inali itachita mbali yake. Inationetsa chotupa, kukula kwake, ndiponso kuti impso sizinatupe. Za kuzama kwake inangoti zii, monga ekisile uja. Tinapita kuchipatala chachikulu ku Blantyre, komwe analowetsa kapaipi ka kamera n'kudula kachidutswa kukayeza. Inali khansa. Kenako anamuika m'makina a CT, aja ooneka ngati mphete yaikulu, amene amadula munthu m'zithunzi zopyapyala kuyambira pachifuwa mpaka m'chiuno popanda mpeni. Makina amenewa amaona patali. Anationetsa kuti mapapo ali bwino, chiwindi chili bwino, anabele sanatupe. Ndinapumira m'mwamba. Koma dokotala wa maopaleshoni, bambo wachinyamata wosabisa mawu, anandiitana n'kuloza pagalasi. Khoma la chikhodzodzo pansi pa chotupa linali lokhuthala.

"Bambo, inu ndinu wa ntchito yomweyi, sindikunamizani," anatero. "CT siitha kusiyanitsa bwino zigawo za khomali. Kukhuthalaku kukhoza kukhala zipsera za likodzo, kukhozanso kukhala khansa italowa mumnofu. Kachidutswa tinadula kaja kanali kapamwamba, sikanatiuze. Ngati sinalowe, tikhoza kungopala chotupacho kudzera m'kapaipi, chikhodzodzo n'kutsala. Ngati yalowa, tichotse chonse, mkodzo uzitulukira pamimba m'thumba moyo wawo wonse. Ambiri amene amandipeza kuno imakhala italowa kale. Sabata yamawa ndili ndi mpata patebulo. Mukaudumpha, sindikulonjezani wina msanga."

Ndinafunsa za MRI, makina amene ndinkangowamva kuti amaona mnofu chigawo ndi chigawo. Anati alipo, koma mzere wake ndi wautali, ndipo akawonongeka wokonza amachokera kunja. "Khansa siidikira mzere," anatero. Sankandiopseza ayi, ankanena zoona.

Chaka chomwecho: pansi pa mtengo wa mango

Malume athu atamwalira, mwinimbumba ndinali ine. Kwa ife, nkhani ya moyo ndi imfa ya mkazi amagamula ndi alongo ake, osati mwamuna amene anabwera kudzakwatira. Tinasonkhana kwathu, abale atakhala pamphasa, ine pampando. A Jailosi anakhala kumapeto pamwala, chipewa chili pabondo. Palibe anawafunsa kanthu, ndipo iwonso sanayembekezere kufunsidwa. Ndinafotokoza zonse m'Chilomwe kuti ndi akuluakulu omwe amve. Ena anati adule msanga, ena anati thumba la mkodzo pamimba ndi imfa yoyenda. Feliya anali atauza kale mayi anu kuti akamuika thumba sadzapondanso kutchalitchi kapena m'munda wa tiyi, chifukwa anzake adzamva fungo. Koma pagulupo anangoti, "Achimwene, inu ndi amene munaona. Nenani."

Ana anga, palibe tsiku limene ndinalakalaka kukhala mbuli ngati limenelo. Ndinkadziwa kuti ndikati adule, mlongo wanga akhala ndi moyo, koma mwina tidzachotsa chiwalo chimene chikanatha kutsala, ndipo adzadzitsekera m'nyumba mpaka kufa. Ndinkadziwanso kuti ndikati tidikire, chinthu chija chikhoza kuboola khoma tili pamzere, n'kufika poti ngakhale mpeni sungathandize. Ndinakumbukira anthu aja amene ankangosokedwanso osachotsedwa kanthu. Koma mtima wanga sunalole kuti munthu adulidwe chifukwa cha chithunzi chimene chikunena chokha kuti sichikudziwa. Ndinati, "Tidikira MRI." Palibe anawomba m'manja.

Kudikirako kunali kowawa. Chiperoni chinabwera, nkhungu n'kuphimba minda yonse, ndipo Feliya anasiya kupita kothyola. Magazi sanasiye, ndipo maso ake anayera. Tsiku limene anatipatsa litayandikira, uthenga unabwera wakuti makina awonongeka. Mpata wa patebulo uja unali utapita kwa wina kalekale. Mayi athu aang'ono anabwera kukiliniki n'kundilalatira pamaso pa odwala: "Iwe ndi makina akowo! Ukufuna kuyesera sukulu yako pa mwana wa mkulu wanga?" Ndinawayankha mwaukali, koma atapita ndinadzitsekera m'chipinda cha sikani, chifukwa funso lawolo ndinkadzifunsanso ndekha. Masiku amenewo a Jailosi ankaweruka kodulira n'kutenga zovala za mkazi wawo kukachapa kumtsinje, pakati pa azimayi. Anthu ankawaseka, iwo osatembenuka.

Makina atakonzedwa tinapita atatu: ine, Feliya ndi a Jailosi. Mayi wogwira ntchito pamenepo anafotokoza kuti mkatimo muli maginito amphamvu kwambiri, choncho kachitsulo kalikonse kachoke pathupi. Feliya anavula ndolo, kenako anaima chilili osasuntha. Mayiyo anamvetsa, anamutengera kuseri, ndipo posakhalitsa anatuluka n'kufunsa, "Amuna awo ndi ati?" Inali mikanda ya m'chiuno, yolumikizidwa ndi kawaya, imene womasula wake ndi mmodzi yekha. A Jailosi analowa, n'kutuluka dzanja lili m'thumba la jekete. Ine ndinali kuwerenga chikwangwani chapakhoma ngati chili ndi nkhani yofunika kwambiri.

Poti ndinali wa ntchito yomweyo, anandilola kukhala m'chipinda cha magalasi. Makinawo ankagogoda ngati fakitale ya tiyi nthawi ya dzinja, ndipo Feliya anagona mkatimo osagwedezeka, atafunditsidwa nsalu mpaka m'khosi. Zithunzi zitayamba kubwera ndinaimirira osadziwa. Ndinali nditayang'ana zikhodzodzo moyo wanga wonse, koma tsiku limenelo ndi pamene ndinaona chikhodzodzo koyamba. Khoma lija, limene pa ekisile silinkaoneka, limene pa sikani linali mzere umodzi, limene pa CT linali chinthu chokhuthala chosadziwika, apa linali ndi zigawo zake, chilichonse pamalo pake. Mkodzo unali woyera mbee, chotupa chotuwa chitaima pakaphesi kake, ndipo pansi pake panadutsa kamzere kakuda, kopyapyala ngati ulusi. Umenewo unali mnofu wa chikhodzodzo.

Dokotala wowerenga zithunzi, mayi wachikulire wa magalasi, anakatsatira kamzereko ndi nsonga ya cholembera, chithunzi ndi chithunzi. Ine ndinkatsatira ndi maso, kufunafuna pamene kaduka. Anabwerera, n'kuyambiranso. Kenako anavula magalasi. "Sikanaduke paliponse," anatero. "Kukhuthala kuja ndi zipsera zakale. Mmene ndikuonera, khansayi sinalowe mumnofu." Ndinakhala pansi, misozi ikungotsika, ine bambo wa imvi pamaso pa ana ang'onoang'ono a ntchito. Ndinkaganiza za Mulungu amene anaika kaulusi kameneka m'thupi mwa mkazi wothyola tiyi, ndiponso za anthu amene sindidzawadziwa, amene anakhala pansi n'kupanga makina oti akaone. Dokotala wa maopaleshoni uja anasangalala kuposa ine. Anapala chotupacho kudzera m'kapaipi, ndipo zoyeza zinatsimikiza kuti mnofu unali wosakhudzidwa. Azakhali anu amapitabe kukaunikidwa nthawi ndi nthawi mpaka lero, ndipo ndi aja amakutumizirani nyemba za kalongonda.

Tsiku limene anatuluka m'chipatala, basi inatitsitsa pamsewu waukulu, ndipo tinayenda pansi kudutsa m'minda. Feliya anali patsogolo ndi mayi anu, akuyenda pang'onopang'ono. Ine ndi a Jailosi tinali m'mbuyo. Kunena zoona ndinkadzimva, ndipo ndinkafuna wina andiyamikire. Ndinafotokoza za kamzere kaja, za kusiyana kwa CT ndi MRI, iwo akungogwedeza mutu. Kenako ndinawafunsa chinthu chimene palibe anawafunsapo chiyambire matendawa.

"Alamu, tsiku lija pamtengo wa mango, tikanakufunsani inu, mukanati chiyani?"

Anathyola kansonga ka tiyi n'kumakapotokola ndi zala.

"Ndikanati adule, alamu."

Ndinaima. "Adule? Ndi thumba lomwe lija?"

"Eya. Ndinakafunsa kwa anesi mmene amalisinthira, anandionetsa. Si ntchito yovuta. Ndikanamatsuka ine m'mawa ndisanapite kodulira." Anayang'ana mkazi wawo amene anali ataima patsogolo kuti apume. "Inu munkafuna kupulumutsa chikhodzodzo, ndipo mwachita bwino, zikomo. Koma masiku onse aja makina atawonongeka, ine ndinkangoti, bola akanandipatsa munthuyo, ngakhale wa thumba."

Anavala chipewa chawo n'kufulumira kukamugwira mkono, chifukwa kutsogoloko njira inali yoterera.